Srinivasa Ramanujan: mnyamata wolakwa mayeso amene ankadziwana ndi manambala

 Tisanapite patali, tsegulani kakyuleta ya pafoni yanuyo. Lembani 12 × 12 × 12, kenako muphatikizepo 1. Mwapeza 1729, eti? Tsopano lembani 10 × 10 × 10, yomwe ndi 1000, muphatikize ndi 9 × 9 × 9, yomwe ndi 729. Yabweranso 1729 yomwe ija.

Isungeni nambala imeneyi, tiipezanso kutsogoloku. Lero pa gawo lathu la mbiri ya anthu otchuka ndikufuna ndikuuzeni za munthu amene dzina lake linamatirira ku nambala imeneyi, Srinivasa Ramanujan wa ku India. Ndasankha iyeyu chifukwa ambiri mwa ife tili pa malo amene iye anakhalapo: sukulu tinamaliza kapena inatithera panjira, mapointi sanakwane, fizi palibe, ndipo pakhomo ayamba kutiyang'ana ndi diso lofunsa kuti nanga iwe mawa lako lili pati.

Kwawo ndi ubwana wake

Ramanujan anabadwa pa 22 Disembala 1887 m'tauni ya Erode, kummwera kwa India. Kuti muone kutalika kwa nthawiyo, kuno ku Blantyre nyumba ya Mandala inali ndi zaka zisanu zokha, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels chinayamba kumangidwa chaka chotsatira. India anali pansi pa ulamuliro wa Angerezi, omwewo amene anadzalamuliranso dziko lathu kuyambira mu 1891.

Anakulira m'tauni ya Kumbakonam. Bambo ake anali kalaliki m'sitolo yogulitsa nsalu, ndipo mayi ake, a Komalatammal, ankaimba nyimbo zachipembedzo m'kachisi wa Chihindu. Ndalama pakhomo zinali zosowa, moti banjali linkasunga ana asukulu a kukoleji kuti lizipezako kangachepe. Ali ndi zaka ziwiri anadwala nthomba koma anapulumuka. Abale ake atatu obadwa pambuyo pake anamwalira ali makanda.

Kusukulu kokha ndiye anali dolo. Mu 1897 anakhoza mayeso a pulayimale n'kukhala nambala wani m'boma lonse, kenako analowa sekondale ya Town High School. Ali ndi zaka 11 anali atawamaliza nzeru za masamu anyamata a kukoleji amene ankakhala pakhomo pawo aja. Pofika zaka 13 anali atalidya lonse buku la trigonometry la S. L. Loney, buku lomwe linalembedwera akuluakulu.

Mu 1903, ali ndi zaka pafupifupi 16, anapeza buku lobwereka kulaibulale lolembedwa ndi G. S. Carr. M'bukumo munali mfundo za masamu pafupifupi 5,000, zongondandalikidwa motsatizana, zambiri popanda kufotokoza kuti zinabwera bwanji. Wina akanalitaya. Ramanujan anayamba kutenga mfundo imodziimodzi n'kumadzifufuzira yekha chifukwa chimene ilili yoona, ndipo posakhalitsa anayamba kutulukira zake zimene m'bukumo munalibe.

Mapepala anali odula. Choncho masamu ake ankawachitira pa sileti, n'kumafufuta ndi chigongono mpaka chinada ndi kukhakhala. Akapeza yankho, ndi lokhalo limene ankalikopera m'kope. Njira yonse imene wadutsa inkafufutika limodzi ndi choko. Chizolowezi chimenechi chinadzamuvutitsa pambuyo pake, monga muonere.

Mayeso amugwetsa

Mu 1904 anamaliza sekondale bwino n'kupatsidwa sikolashipu yokaphunzira pa koleji ya boma ya ku Kumbakonam. Apa mpamene zinthu zinayamba kupendekeka. Mnyamatayu ankafuna masamu basi. Aphunzitsi akamaphunzitsa Chingerezi kapena mbiri yakale, iye mutu uli m'manambala. Mayeso atabwera analakwa maphunziro enawo ndipo sikolashipu anamulanda. Manyazi anamugwira moti mu Ogasiti 1905 anathawa pakhomo osatsanzika, n'kukatha milungu ingapo kutali.

Anayesanso pa koleji ya Pachaiyappa mumzinda wa Madras, womwe lero ndi Chennai. Masamu ankakhoza, koma Chingerezi ndi maphunziro ena ankalakwa. Analemba mayeso mu Disembala 1906, analephera. Anabwerezanso chaka chotsatira, analepheranso. Inu amene munalemba MSCE mukudziwa mmene zimawawira kukhala ndi wani kapena thu pa phunziro limodzi koma Chingerezi chakugwetsa, satifiketi osaiona. Ndi zomwezo zinamuchitikira mkuluyu. Anakhala zaka zingapo wopanda pepala, wopanda ntchito, akudalira timaganyu tophunzitsa ana masamu, nthawi zina kugona ndi njala. Koma makope ake sanawasiye. Ankawadzazabe.

Mu Julayi 1909 mayi ake anamupezera mkazi, Janaki, yemwe anali ndi zaka 10 zokha. Unali mwambo wa kumeneko nthawi imeneyo, ndipo mtsikanayo anakhalabe kwa makolo ake zaka zingapo asanapite kwa mwamuna. Tisabise mawu, zimenezi n'zosayenera kutengera, ndipo kwathu kuno malamulo amaletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18. Kwa Ramanujan, banjali linatanthauza kuti tsopano ntchito ikufunika ndithu.

Anayamba kuyenda khomo ndi khomo, makope ali m'khwapa m'malo mwa satifiketi. Anakumana ndi V. Ramaswamy Aiyer, amene anayambitsa bungwe la akatswiri a masamu la Indian Mathematical Society, ndipo iyeyu ataona makopewo anamulembera makalata omudziwitsa kwa anzake. Mkulu wina wa boma, R. Ramachandra Rao, poyamba ankamukayikira, koma atamumvetsera bwino anayamba kumupatsa ndalama ya mwezi ndi mwezi ya m'thumba mwake. Mu 1911 nkhani yake yoyamba ya masamu inasindikizidwa m'magazini ya bungwe lija. Mu Malichi 1912 anapeza ntchito ya ukalaliki ku ofesi ya doko la Madras, malipiro ake marupi 30 pamwezi. Ntchito ya muofesi ankaimaliza msanga, nthawi yotsalayo n'kumachita masamu, ndipo mabwana ake, Sir Francis Spring ndi S. Narayana Iyer, m'malo momukalipira ankamulimbikitsa.

Kalata ya ku Cambridge

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ramanujan anayamba kulembera makalata akatswiri a masamu a ku England. Awiri a ku Cambridge, H. F. Baker ndi E. W. Hobson, sanamuthandize. Sanagwe ulesi. Pa 16 Januwale 1913 analembera wachitatu, G. H. Hardy wa ku Trinity College, n'kuikamo masamba odzaza ndi mfundo zoposa 100, zopanda umboni.

Taganizani inuyo muli pulofesa wotchuka, mwalandira kalata yochokera kwa kalaliki wosadziwika, wopanda digiri, wa kudziko lakutali. Hardy poyamba anaganiza kuti mwina ndi wamisala kapena wachinyengo. Koma mfundozo zinamukhala m'mutu tsiku lonse, ndipo madzulo anakhala pansi ndi mnzake J. E. Littlewood kuziunika. Zina ankazidziwa kale. Zina zinali zolakwika. Koma zina anali asanazionepo chibadwire, ndipo anagamula kuti ziyenera kukhala zoona chifukwa palibe munthu akanatha kungozipeka. Anayankha kalatayo, n'kupempha umboni, ndipo anayamba kukonza zoti mnyamatayu apite ku England.

Sizinali zophweka. Banja la Ramanujan linali la Abrahmin, ndipo pa mwambo wawo kuoloka nyanja kunali kudzidetsa. Poyamba anakana. Yunivesite ya Madras inamupatsa kaye sikolashipu ya marupi 75 pamwezi kuti azichita kafukufuku kwawo konko. Kenako mayi ake analola, akuti atalota mulungu wamkazi wa banja lawo, Namagiri, akuwauza kuti asamutsekereze mwanayo. Pa 17 Malichi 1914 anakwera sitima yapamadzi yotchedwa Nevasa, ndipo anafika ku London pa 14 Epulo. Mkazi wake ndi mayi ake anatsala ku India.

Manambala ogawika bwino

Ku Cambridge Hardy anaona kuti mnyamatayu ali ndi mphatso yoopsa koma ali ndi mipata. Zinthu zina zimene wophunzira aliyense wa pa yunivesite amadziwa, iye sankazidziwa, makamaka kalembedwe ka umboni. Vuto la sileti lija. Pa masamu sikokwanira kunena kuti chinthu n'choona, uyenera kuonetsa sitepe ndi sitepe mpaka wokayikira asowe chonena. Hardy anamuphunzitsa zimenezi mosamala kuti asamuphere luso lake.

Ntchito yake yaikulu yoyamba kumeneko inatuluka mu 1915, chaka chomwe kuno John Chilembwe anaukira atsamunda. Inali yokhudza manambala amene amagawika m'njira zambiri. Ndikupatseni chitsanzo cha ku banki m'khonde. Muli ndi ma K1,000 okwana 60. Mutha kugawana mofanana, osatsala kanthu, ngati mulipo 2, 3, 4, 5, 6, 10, 12, 15, 20, 30 kapena 60, kapenanso munthu mmodzi kutenga zonse. Mafakita a 60 alipo 12. Koma wina angoonjezerapo K1,000 imodzi akhale 61, basi mkangano wayamba, chifukwa 61 imagawika ndi 1 ndi 61 yomweyo basi.

Palibe nambala yochepera 60 imene ili ndi mafakita okwana 12. Manambala otere, oposa anzawo onse a m'munsi mwawo pa kuchuluka kwa mafakita, ndi amene Ramanujan ankawasaka: 1, 2, 4, 6, 12, 24, 36, 48, 60, 120, 180, 240, 360 mpaka m'tsogolo. Mwaona kuti dazeni ndi 12, tsiku lili ndi maola 24, ola lili ndi mphindi 60, ndipo kuzungulira kamodzi ndi madigiri 360? Onsewa ali pa mndandanda umenewu.

Pali kanjira kowerengera mafakita popanda kuwalemba onse. Iphwanyeni nambalayo kukhala ma prime number. 60 ndi 2 × 2 × 3 × 5. Apa 2 wabwera kawiri, 3 kamodzi, 5 kamodzi. Onjezerani 1 pa kalikonse, mupeza 3, 2 ndi 2. Taimusani, 3 × 2 × 2, yankho 12. Ndi omwe aja.

Ramanujan anafotokoza mmene manambala oterewa amapangidwira, ndipo analemba mndandanda wa manambala oposa 100, pamanja, popanda kompyuta. Yomaliza pa mndandandawo inali 6,746,328,388,800. Mukaiphwanya mupeza 2 kasanu ndi kamodzi, 3 kanayi, 5 kawiri, 7 kawiri, kenako 11, 13, 17, 19 ndi 23 kamodzikamodzi. Tsatirani kanjira kaja: 7 × 5 × 3 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 × 2. Yankho ndi 10,080. Nambala imodzi, mafakita 10,080! Ndipo imagawika ndi nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 28. Yoyamba kuikanika ndi 29. Ntchito imeneyi ndi imene inamupezetsa digiri ya ku Cambridge mu Malichi 1916, munthu uja analephera mayeso kawiri ku Madras.

Milu ya tomato

Tsopano tiyeni ku msika wa Ndirande. Mayi ali ndi tomato anayi, akufuna kuwaika m'milu. Angachite m'njira zingati? Mulu umodzi wa 4. Kapena 3 ndi 1. Kapena 2 ndi 2. Kapena 2, 1 ndi 1. Kapena aliyense payekha, 1, 1, 1, 1. Njira zisanu. Dziwani kuti 3 ndi 1 n'chimodzimodzi 1 ndi 3, sitiwerenga kawiri.

Tomato akakhala 5, njira ndi 7. Akakhala 10, njira ndi 42. Akakhala 20, ndi 627. Mazira a thireyi imodzi, 30, mutha kuwaika m'milu m'njira 5,604. Mukafika pa 50 njira zakwana 204,226, ndipo pa 100 zafika 190,569,292. Nanga 200? Njira zake ndi 3,972,999,029,388. Mutati muzipanga njira imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku osapuma, mungathe zaka zoposa 125,000.

Nambala ya 200 imeneyi anaiwerengera pamanja ndi Major Percy MacMahon, msilikali wakale amene anali katswiri wowerengera. Njira yake inali yokwera makwerero: kuti upeze yankho la 200 uyenera kupeza kaye mayankho onse a m'munsi. Funso la Hardy ndi Ramanujan linali lakuti, kodi pali fomula yoti ungoikamo 200 n'kutulutsa yankho mwachindunji? Ambiri ankaona ngati n'zosatheka. Awiriwa anaipeza n'kuisindikiza mu 1918. Ataiyesa pa 200 inawapatsa 3,972,999,029,388.004. Yerekezani ndi ya MacMahon ija. Kusiyana kwake ndi kakang'ono ka kumapeto ka .004, pa nambala ya madijiti 13. Njira imene anagwiritsa ntchito, yotchedwa circle method, akatswiri akuigwiritsabe ntchito mpaka lero.

Ramanujan atayang'anitsitsa mndandanda wa MacMahon anaonanso china chimene ena onse ankangochidutsa. Tengani nambala iliyonse yothera ndi 4 kapena 9. Njira za 4 ndi 5, za 9 ndi 30, za 14 ndi 135, za 19 ndi 490, za 24 ndi 1,575. Mayankho onsewa amagawika ndi 5, ndipo zimatero mpaka kalekale. Yambirani pa 5 muzidumpha masitepe 7, ndiye kuti 5, 12, 19: mayankho ndi 7, 77, 490, onse ogawika ndi 7. Yambirani pa 6 muzidumpha 11, ndiye kuti 6, 17, 28: mayankho ndi 11, 297, 3,718, onse ogawika ndi 11. Palibe chimene chimaoneka pa milu ya tomato chokuuza kuti zikhala choncho. Anachiona chifukwa ankawayang'ana manambala modekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, eti.

Moyo wa ku England

Masamu ankayenda, koma thupi ndi mtima zinkavutika. Kuzizira kwa ku England kumaposa kutali chiperoni chathu cha mu Juni. Mnzake wina wa ku India, P. C. Mahalanobis, anamupeza akugona atavala chijasi pamwamba pa bedi, chifukwa sankadziwa kuti mabulangete opindiridwa pansi pa matiresi aja amafunika kuwafunyulula n'kulowamo. Nsapato zinkamupweteka. Pa chipembedzo chake sankadya nyama, choncho sankadya nawo m'holo ya pakoleji, ankadziphikira yekha m'chipinda, nthawi zina kuiwala kudya kumene.

Atangotha miyezi inayi, nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayamba. Ndi nkhondo yomwe ija inafika mpaka ku Karonga mu 1914, imene agogo athu ambiri anasenzera katundu pa mtengatenga. Ku England zakudya zinayamba kusowa, makamaka ndiwo zamasamba ndi zinthu za kwawo zimene iye ankadalira. Littlewood anapita ku ntchito ya usilikali. Makalata ochokera kwa mkazi wake sankamufika. Mu 1917 anadwala kwambiri, madokotala n'kumaganiza kuti ndi chifuwa chachikulu cha TB, ndipo anayamba kusamutsidwa chipatala ichi ndi icho. Kusungulumwa kunamukulira mpaka anafika poyesa kudzichotsera moyo, koma anapulumuka. Anzanga, apa tiimepo pang'ono. Munthu amene dziko lonse linkamutama nzeru anavutika mumtima mwakachetechete, anzake osadziwa. Mnzanu akangoti zii masiku angapo, osaoneka ku bwalo kapena ku misonkhano, pitani mukamuone. Ndipo ngati ndinu amene zakukulirani, uzani wina.

M'kati mwa matendawo ulemu unabwera. Mu Meyi 1918 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, bungwe lapamwamba la asayansi ku Britain, ali ndi zaka 30, Mmwenye wachiwiri kulandira ulemu umenewu. Mu Okutobala chaka chomwecho anakhala Mmwenye woyamba kusankhidwa kukhala Fellow wa Trinity College.

Takisi nambala 1729

Tabwerera ku nambala yathu ija. Tsiku lina Hardy anapita kukamuzonda ku chipatala china ku Putney, mu London. Hardy sanali munthu wodziwa kucheza, ndiye posowa poyambira anangonena kuti takisi imene anakwera inali nambala 1729, ndipo kwa iye inkaoneka nambala yopanda chilichonse chosangalatsa. Wodwalayo anatsutsa pompo. Anamuuza kuti ndi nambala yosangalatsa kwambiri, chifukwa ndi yaing'ono kuposa zonse zimene zingalembedwe ngati makyubu awiri ophatikizidwa m'njira ziwiri zosiyana.

Kyubu ndi nambala yotaimusidwa ndi iyo yomwe katatu, monga 2 × 2 × 2 yomwe ndi 8. Zimene munachita pa kakyuleta poyamba paja ndi zimenezo: kyubu ya 12 kuphatikiza kyubu ya 1, komanso kyubu ya 10 kuphatikiza kyubu ya 9. Musangondikhulupirira, mutha kutsimikiza nokha kuti palibe ina yaing'ono. Makyubu osapitirira 1729 alipo 12 okha: 1, 8, 27, 64, 125, 216, 343, 512, 729, 1000, 1331 ndi 1728. Aphatikizeni awiriawiri, kuphatikizapo iliyonse ndi iyo yomwe. Mupeza masamu 78, ndipo yankho lokhalo limene libwere kawiri ndi 1729. Ndi ntchito ya madzulo amodzi magetsi akazima.

Ili ndi tina tosangalatsa. 1729 ndi 7 × 13 × 19. Mukaphatikiza madijiti ake, 1 + 7 + 2 + 9, mupeza 19. Tembenuzani 19 ikhale 91, mutaimuse 19 × 91, yabweranso 1729.

Anthu ambiri akamva nkhani ya takisiyi amaganiza kuti zinangomubwerera ngati matsenga. Ayi ndithu. Nambalayi inali kale m'makope ake. Ankafufuza nkhani yakale ya Fermat, yakuti makyubu awiri sangaphatikizane n'kupanga kyubu inanso ndendende, ndipo ankasaka malo amene zimangotsala pang'ono kutheka. 729 + 1000 ndi 1729, pamene kyubu ya 12 ndi 1728, kuphonya ndi 1 yekha. 216 + 512 ndi 728, pamene kyubu ya 9 ndi 729. Anapeza njira yotulutsira zitsanzo zotere zosatha, monga makyubu a 135 ndi 138 omwe pamodzi ndi 5,088,447, pamene kyubu ya 172 ndi 5,088,448. Choncho pamene Hardy ankatchula nambala ya takisi, ankatchula mnzake wakale wa Ramanujan. Ndiponso munthu woyamba kulemba za khalidwe la 1729 limeneli anali Mfalansa wina, Frénicle de Bessy, mu 1657.

Lero manambala oterewa amatchedwa ma taxicab number chifukwa cha nkhani imeneyi. Yaing'ono kwambiri imene ingalembedwe m'njira zitatu ndi 87,539,319, ndipo anaipeza John Leech mu 1957 pogwiritsa ntchito kompyuta. Ndi makyubu a 167 ndi 436, kapena a 228 ndi 423, kapena a 255 ndi 414. Kakyuleta yanu ikwanitsa, yesani. Ya njira zinayi ndi 6,963,472,309,248. Zinatsimikizidwa kuti nambala yotere ilipo pa kuchuluka kwa njira kulikonse kumene mungafune, koma kuipeza ndi nkhani ina, ngakhale makompyuta amphamvu amatuluka nayo thukuta.

Imfa yake ndi zimene anasiya

Nkhondo itatha anabwerera ku India mu Malichi 1919, atawonda kwambiri. Janaki, yemwe tsopano anali wamkulu, anamusamalira mpaka kumapeto. Ali chigonere ankapemphabe mapepala. Mu Januwale 1920 analembera Hardy kalata yomaliza yofotokoza zinthu zatsopano zimene anazitcha mock theta functions. Anamwalira pa 26 Epulo 1920 ali ndi zaka 32. Mu 1994 dokotala wina, D. A. B. Young, ataunikanso zolembedwa za matenda ake, anati mwina sanali TB koma tizilombo ta kamwazi timene tinalowa m'chiwindi, matenda amene akanatha kuchizika akanawazindikira. Janaki anakhala ndi moyo mpaka 1994.

Anasiya mfundo pafupifupi 3,900, zambiri zopanda umboni. Akatswiri, makamaka Bruce Berndt wa ku America, anatha zaka zambirimbiri akuzitsimikiza imodziimodzi, ndipo pafupifupi zonse zinapezeka zoona. Mu 1976 George Andrews anapeza mapepala a chaka chake chomaliza m'bokosi mu laibulale ya Trinity College, atakhala zaka zoposa 50 osadziwika. Fomula yake ya 1914 yowerengera pi, yemwe uja wa 22/7 wa ku pulayimale, inagwiritsidwa ntchito pa kompyuta mu 1985 kupeza madijiti oposa 17 miliyoni. Zimene analemba m'kalata yomaliza zija zinadzamveka bwino mu 2002, ndipo lero zikuthandiza asayansi ofufuza za ma black hole. Ku India tsiku lake lobadwa, 22 Disembala, ndi tsiku lokumbukira masamu m'dziko lonse. Amene muli ndi bandulo sakani filimu ya The Man Who Knew Infinity ya 2015, ndi ya moyo wake.

Tsono ife titolepo chiyani?

Wina asachoke pano n'kumati Ramanujan analakwa Chingerezi koma anatchuka, ndiye ine ndisavutike nacho. Kulakwa kuja kunamudyera zaka zisanu za umphawi ndi njala, pa moyo wa zaka 32 zokha. Ndipo kalata imene inamutsekulira khomo anailemba m'Chingerezi chomwecho. Ngati pali phunziro limene linakugwetsani ndipo mpata wobwereza ulipo, kalembetseninso.

Koma pepala la MANEB silinena zonse za munthu. Zaka zimene analibe sukulu ndi zomwe anadzaza makope amene anadabwitsa Cambridge. Anali ndi buku limodzi lobwereka ndi sileti. Ife tili ndi laibulale m'tauni, mafoni m'manja, ndipo MUBAS ili pa Chichiri pompa. Pamene ankapita kwa akuluakulu sankapita chimanjamanja, ankanyamula ntchito yoti aione. Kaya luso lanu ndi masamu, kusoka, kuwotcherera, kujambula kapena kukonza mafoni, khalani ndi chooneka chimene mungatulutse wina akafunsa. Awiri akakukanani, lemberani wachitatu.

Komanso onani anthu amene anamunyamula: mayi ake, mkulu wa boma uja, mabwana a ku doko, Hardy, Janaki. Mutu umodzi susenza denga. M'makalasi a Sitandade 8 a m'makwalala mwathu muno muli ana amene manambala amawamvera, koma palibe amene wawafunsa. Amene masamu mumawatha, tengani mwana mmodzi wa pafupi nanu muzimuthandiza.

Ntchito ya kunyumba nayi. Yoyamba, lembani njira zonse 11 zoikira tomato 6 m'milu. Yachiwiri, nambala yotsatira pambuyo pa 1729 imene ili ndi khalidwe lomwe lija ndi 4104. Pezani njira zake ziwiri. Ndikuthandizeni pang'ono: simufunika kupitirira kyubu ya 16. Osafunsa Google, aise. Lembani mayankho anu m'makomenti, kapena mubwere nawo ku msonkhano wathu Loweruka, tidzaone madolo.